Asanu, 11 kapena kuposa? Mmene amawerengera anthu ophedwa ndi Jack the Ripper

Kumayambiriro kwa chaka cha 2025 nkhani ya Jack the Ripper idabukanso pa Facebook ndi m'manyuzipepala a ku Britain. Ankati DNA yopezeka pa nsalu ina yakale yaulula dzina la chigawenga chomwe chidazunza mzinda wa London mu 1888, ndipo adzukulu a mmodzi mwa ophedwawo ankapempha kuti imfa ya gogo wawo iunikidwenso. Amene adawerenga nkhani zingapo adaona kuti sizikugwirizana pa chinthu chomwe chimaoneka ngati chophweka. Ina ikuti munthuyu adapha amayi asanu. Ina ikuti 11. Ina ikuwonjezerapo mwana wa ku Bradford, mwinanso mayi wa ku New York, kutsidya kwa nyanja. Zoona ndi ziti?

Palibe khoti lomwe lidagamulapo. Munthuyu sadagwidwe, sadaime m'khoti, ndipo dzina lake silidatsimikizike. Choncho nambala iliyonse yomwe mwaiwerenga ndi maganizo a munthu wina, kaya wapolisi, dokotala, mtolankhani kapena wolemba mbiri. Chomwe chimasiyanitsa nambalazi ndi kulimba kwa zifukwa zomwe zili kumbuyo kwake.

Whitechapel ndi failo ya apolisi

Whitechapel ndi dera la kum'mawa kwa London. Masiku amenewo kudali kothinana ndi kwa amphawi, kodzaza anthu ochokera ku Ireland komanso Ayuda othawa nkhanza ku Russia ndi Poland. Anthu zikwizikwi adalibe nyumba yawoyawo. Ankalipira bedi usiku uliwonse m'nyumba zogonamo chigulu, makobiri 4 bedi limodzi, ndipo ukasowa makobiriwo ankakutulutsa panja. Mary Ann Nichols adatulutsidwa motero usiku womwe adaphedwa. Annie Chapman chimodzimodzi. Mu Okutobala 1888 apolisi adayerekeza kuti m'deralo mudali amayi oyendayenda pafupifupi 1,200.

Kumenyedwa ndi kubayidwa kwa amayi kumeneko sikudayambe ndi munthu mmodzi, ndipo sikudathe iye atasiya. Apa ndi pomwe pagona vuto lonse la kawerengedwe.

Apolisi a Metropolitan adatsegula failo imodzi yomwe adaitcha Whitechapel Murders, kutanthauza kuphedwa kwa anthu ku Whitechapel. Muli milandu 11, kuyambira wa Emma Smith pa 3 Epulo 1888 mpaka wa Frances Coles pa 13 Febuluwale 1891. Nambala ya 11 ija imachokera apa. Koma failo ndi thumba chabe loikamo mapepala. Apolisi adaika pamodzi milandu ya amayi ophedwa m'dera limodzi yomwe owapha sadapezeke. Sadanene kuti onsewo adafa ndi dzanja limodzi. Anthu ambiri olemba pa intaneti amasokoneza zinthu ziwirizi.

Dzina loti Jack the Ripper, lomwe tingati Jack wotumbula, lidachokera m'kalata yomwe idafika ku ofesi ya atolankhani ya Central News Agency pa 27 Sepitembala 1888. Akuluakulu ena a polisi pambuyo pake adanena kuti kalatayo idalembedwa ndi mtolankhani wofuna kukoleza nkhani. Kaya adalemba ndani, dzinalo lidakhala ngati chikwama chachikulu chomwe imfa iliyonse yoopsa inkatha kulowamo.

Asanu aja adasankhidwa ndi yani?

Amayi asanu omwe anthu ambiri amawavomereza ndi awa. Mary Ann Nichols adapezeka pa 31 Ogasiti 1888 mu msewu wa Buck's Row. Annie Chapman adapezeka pa 8 Sepitembala kuseri kwa nyumba nambala 29 mu Hanbury Street. Elizabeth Stride ndi Catherine Eddowes adaphedwa usiku umodzi, pa 30 Sepitembala, woyamba ku Berner Street, wachiwiri ku Mitre Square. Mary Jane Kelly adapezeka pa 9 Novembala m'chipinda chake ku Miller's Court. M'Chingerezi amawatchula kuti canonical five, ndiko kunena asanu ovomerezeka, monga mmene mpingo umakhalira ndi mabuku ovomerezeka a m'Baibulo ndi ena omwe amakayikiridwa.

Mndandandawu waima pa mapepala awiri. Loyamba ndi lipoti la Dr Thomas Bond, dokotala wa apolisi, lolembedwa pa 10 Novembala 1888. Iye adati amayi asanuwa adaphedwa ndi munthu mmodzi. Koma mtembo womwe adauona ndi maso ake udali wa Kelly yekha. Za anayi enawo adangowerenga zomwe madokotala anzake adalemba.

Lachiwiri ndi chikalata cha Melville Macnaghten cha mu Febuluwale 1894, momwe adalemba motsindika kuti chigawengacho chidapha anthu asanu, asanu okha. Macnaghten adali bwana wamkulu ku Scotland Yard, likulu la apolisi a Metropolitan, koma adayamba ntchitoyo pakati pa 1889, Kelly atafa kale miyezi ingapo. Adalemba chikalatacho pofuna kutsutsa nyuzipepala ya The Sun yomwe inkaloza chala munthu wina wotchedwa Thomas Cutbush. Ndipo m'chikalata chomwecho muli zolakwika zoonekeratu. Mmodzi mwa anthu omwe ankawaganizira, Montague Druitt, adamutchula dokotala wa zaka 41, pomwe adali loya ndi mphunzitsi wa zaka 31. Wina, Michael Ostrog, zidadziwika pambuyo pake kuti mu 1888 adali m'ndende ku France. Chikalatachi chidayamba kudziwika kwa anthu mu 1959, mtolankhani Daniel Farson ataona kope lomwe mwana wamkazi wa Macnaghten adasunga, ndipo kuyambira pamenepo nambala ya asanu idazika mizu.

Apolisi omwe adaponda m'misewuyo sadagwirizane. Inspector Frederick Abberline ankawerengera Martha Tabram. Walter Dew, yemwe adali wapolisi wachinyamata nthawiyo, adalemba atakalamba kuti woyamba adali Emma Smith. Dr Percy Clark, wothandizira dokotala yemwe adapima mitembo ingapo, ankati ndi atatu okha omwe adaphedwa ndi munthu mmodzi, enawo adaphedwa ndi anthu otengera.

Amadziwa bwanji kuti ndi dzanja limodzi?

Mphunzitsi yemwe wakhala ndi kalasi chaka chonse amazindikira mwini wa pepala ngakhale mwanayo atayiwala kulemba dzina. Amaona mmene amapindira zilembo. Ofufuza milandu amachita zofanana, ndipo amayang'ana zinthu ziwiri zomwe ndi bwino kuzisiyanitsa.

Choyamba amachitcha modus operandi, mawu a Chilatini otanthauza njira yogwirira ntchito: nthawi yanji, malo otani, chida chanji, amamufika bwanji munthuyo. Njira imasintha. Wakuba yemwe adayamba ndi kuthyola zenera akhoza kuphunzira kuboola khoma. Chachiwiri ndi chomwe akatswiri amachitcha siginecha ya chigawenga, chinthu chomwe munthuyo amachita ngakhale sichikufunika kuti aphe kapena athawe, chifukwa ndicho chikumukhutiritsa mumtima. Ambiri amati ichi sichisintha msanga.

Pa Nichols, Chapman ndi Eddowes zonse ziwiri zikuoneka bwino. Onse adaphedwa panja, usiku kapena m'mbandakucha. Onse adachekedwa pakhosi mozama atagonekedwa pansi, kenako adatumbulidwa pamimba atafa kale. Chapman adachotsedwa chiberekero. Eddowes adachotsedwa chiberekero ndi impso ya kumanzere. Ndi chifukwa chake ngakhale olemba mbiri okayika kwambiri amavomereza atatuwa.

Chovuta n'chakuti madokotala a mu 1888 adalibe chilichonse kupatula maso, tepi yoyezera ndi mpeni wawo. Scotland Yard idatsegula ofesi yoona zidindo za zala mu 1901. Njira yosiyanitsa magazi a munthu ndi a nyama idapezekanso mu 1901. M'dera lomwe mudali malo ambiri ophera ng'ombe ndi akavalo, munthu wamagazi m'manja m'mawa sadali wodabwitsa. Zotsala zidali mawu a mboni ndi maganizo a madokotala, omwe ankatsutsana ngakhale pa funso loti wakuphayo ankadziwa za thupi la munthu. Dr George Bagster Phillips adati yemwe adatumbula Chapman adali ndi luso. Bond adati adalibe ngakhale luso la wopha nyama kubutchala.

Mawu ena ofunika ndi inquest. Masiku amenewo ku England munthu akafa mosadziwika bwino, mkulu wotchedwa coroner ankaitanitsa mboni pamaso pa gulu la anthu wamba kuti anene kuti wafayo ndi yani ndipo wafa bwanji. Si mlandu, palibe woimbidwa. Zambiri zomwe tikudziwa za amayiwa zidachokera m'mabwalo amenewa, ndipo pafupifupi onse adatha ndi chigamulo chofanana: adaphedwa dala ndi munthu kapena anthu osadziwika.

Martha Tabram, yemwe amagawanitsa anthu kwambiri

M'mawa wa pa 7 Ogasiti 1888, nthawi isanakwane 5 koloko, bambo wina wopita kukafuna ganyu kudoko adatsika masitepe a nyumba yosanja ya George Yard Buildings n'kupeza mayi atagona m'magazi. Adali Martha Tabram, wa zaka 39. Dr Timothy Killeen adawerenga mabala 39 obayidwa. Adati ambiri adachitika ndi kampeni wamba, koma limodzi la pachifuwa lidafunika chida chachitali ndi cholimba, monga mpeni womwe asilikali amamangirira kumfuti.

Mnzake wa Tabram, Mary Ann Connelly, adauza apolisi kuti usiku umenewo ankamwa mowa ndi asilikali awiri, ndipo pakati pa usiku aliyense adapita ndi wake. Apolisi adaimika asilikali pamzere ku Tower of London ndi ku Wellington Barracks. Connelly adaloza awiri, koma onse adasonyeza komwe adali usikuwo. Nkhani idathera pomwepo.

Omwe amati Tabram sadaphedwe ndi Jack the Ripper amati onani, sadachekedwe pakhosi, sadatumbulidwe, adangobayidwa mwaukali, ndipo pali asilikali omwe adaoneka naye. Omwe amamuwerengera amati onaninso: mayi wa msinkhu womwewo, wosauka chimodzimodzi, usiku wa holide, malo oyandikana, masiku 24 okha Nichols asanaphedwe, ndipo mabala ambiri adali pakhosi, pachifuwa ndi pamimba. Amati munthu sayamba ndi ukatswiri. Mwina apa ndi pomwe ankaphunzira, ndipo ataona magazi omwe adamuthira, adasintha njira.

Mbali zonse ziwiri zikugwiritsa ntchito mfundo zomwezo. Kusiyana kwake ndi kulemera komwe akupereka ku njira ndi ku siginecha. Ndipo tiyenera kukumbukira kuti anthu a mu Sepitembala 1888 ankawerenga Nichols ngati wachitatu, osati woyamba, chifukwa manyuzipepala adali atalumikiza kale imfa yake ndi ya Tabram ndi ya Smith.

Emma Smith, ndi mayi yemwe sadakhaleko

Nkhani ya Emma Smith ndi yosiyana ndi zonse chifukwa adalankhula asanamwalire. Adavulazidwa usiku wa pa 3 Epulo 1888 pafupi ndi Osborn Street, adayenda yekha mpaka komwe ankagona, ndipo anzake adamutengera ku London Hospital komwe adamwalira tsiku lotsatira. Adati adamugwira amuna awiri kapena atatu, mmodzi wachinyamata, n'kumubera ndalama ndi kumuvulaza kumaliseche ndi chinthu chosathwa. Ambiri amati ichi chidali chigulu cha achifwamba. Ali m'failo ya 11 ija, koma ndi ochepa lero omwe amamuwerengera.

Kuchokera pa nkhani yake mpomwe padabadwa munthu wongopeka. M'mabuku ena akale mudzapeza dzina la Fairy Fay, mayi yemwe akuti adaphedwa pa 26 Disembala 1887, ndipo akuti ndiye adali woyamba. Ofufuza adasanthula m'kaundula wa imfa ndi m'mapepala a polisi, sadapeze munthu wotero. Zikuoneka kuti manyuzipepala a mu 1888 adasokoneza nkhani ya Smith ndi ya mnzake wina yemwe adamenyedwa mu Disembala 1887 koma adachira, n'kutulukapo "mayi wosadziwika wophedwa pa Khirisimasi". Dzina lenilenilo lidaonekera mu 1950 m'nkhani ya mtolankhani Terence Robertson mu Reynolds News. Olemba otsatira adangokopera. Paja akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Palinso awiri omwe amatchulidwa ngati oyeserera. Annie Millwood adagonekedwa m'chipatala pa 25 Febuluwale 1888 atabayidwa m'miyendo ndi m'munsi mwa mimba ndi munthu wachilendo. Adachira, n'kudzamwalira pa 31 Malichi ndi matenda ena. Ada Wilson adabayidwa kawiri pakhosi pa 28 Malichi ndi munthu yemwe adagogoda pakhomo pake n'kufuna ndalama, ndipo adapulumuka. Chowalumikiza ndi mpeni, chaka ndi dera basi.

Ngakhale mwa asanu muli okayikiridwa

Elizabeth Stride, mayi wobadwira ku Sweden, adapezeka cha m'ma 1 koloko usiku ndi Louis Diemschutz, yemwe ankalowa m'bwalo la Dutfield's Yard pa ngolo yokokedwa ndi kavalo. Kavaloyo adadzidzimuka n'kupatukira kumbali. Diemschutz adayatsa machesi n'kuona munthu ali pansi, magazi akadatuluka pakhosi. Stride sadatumbulidwe. Patangopita mphindi 45, mtembo wa Eddowes udapezeka pa mtunda woyenda pansi kotala ya ola. Ambiri amati ngolo ija idasokoneza chigawengacho, chidathawa chisanamalize n'kukafuna wina. Ena amati ayi: mboni ina, Israel Schwartz, idaona mwamuna akugwetsa Stride poyera mphindi 15 m'mbuyomo, pafupi ndi kalabu yomwe mudali anthu akuimba, ndipo izi sizikufanana ndi munthu wochenjera uja. Kwa iwo, imfa ziwiri usiku umodzi zidangokumana.

Kelly naye amasiyana. Adali wa zaka pafupifupi 25 pomwe anayi enawo adali a zaka za m'ma 40, adaphedwera m'nyumba, ndipo thupi lake lidawonongedwa kuposa onse. Kwa ambiri ichi ndi chizindikiro choti chigawengacho chidapeza nthawi ndi chitseko chotseka. Kwa ochepa ndi chizindikiro cha munthu wina womudziwa yemwe adabisala kumbuyo kwa dzina lotchuka.

Ngakhale mfundo yoti onse adali amayi oyendayenda, yomwe imagwiritsidwa ntchito powalumikiza, idatsutsidwa mu 2019 ndi wolemba mbiri Hallie Rubenhold, yemwe adati pa atatu mwa iwo umboni wake ndi wofooka ndipo mwina adaphedwa ali mtulo panja. Akatswiri ena a nkhaniyi adakana mwamphamvu, ndipo mkanganowo ukupitirira.

Anayi omaliza m'failo

Rose Mylett adapezeka pa 20 Disembala 1888 ku Poplar. Madokotala angapo adati adapotoledwa khosi ndi chingwe. Mkulu wa apolisi ofufuza, Robert Anderson, adaumirira kuti adadzitsamwitsa ndi kolala ya diresi lake ataledzera. Bwalo la coroner lidati adaphedwa. Pano ngakhale funso loti pali mlandu silidagwirizanidwe.

Alice McKenzie, wa pa 17 Julayi 1889 ku Castle Alley, ndiye wovuta. Adabayidwa pakhosi kumanzere ndipo adali ndi mabala pamimba, koma osazama. Bond adati ndi dzanja lomwe lija. Phillips adati ayi. Madokotala awiri, mtembo umodzi, mayankho awiri.

Pa 10 Sepitembala 1889 wapolisi adapeza thunthu la mayi, lopanda mutu ndi miyendo, pansi pa mlatho wa njanji ku Pinchin Street. Ambiri amaliika m'gulu lina la milandu ya matupi odulidwa zidutswa omwe ankapezeka mu mtsinje wa Thames ndi m'mbali mwake pakati pa 1887 ndi 1889. Limodzi mwa matupi amenewo lidapezeka pa 2 Okutobala 1888 pansi pa nyumba yomwe inkamangidwa kuti ikhale likulu latsopano la apolisi. Pa anayi odziwika bwino a gulu limeneli, mmodzi yekha, Elizabeth Jackson, ndiye adazindikirika. Wodula matupiwo ankapha kwina, kubisa nkhope ndi kumwaza ziwalo. Wa ku Whitechapel ankasiya mtembo pomwepo kuti uonedwe. Ngati ndi anthu awiri, ndiye kuti London idali ndi zigawenga ziwiri zotero nthawi imodzi, ndipo pali ena omwe zimenezi zimawavuta kukhulupirira.

Frances Coles adachekedwa pakhosi pa 13 Febuluwale 1891, ndipo wapolisi Ernest Thompson adamupeza akadali moyo pang'ono, atamva mapazi a munthu akuchoka. Thomas Sadler, wogwira ntchito m'sitima zapamadzi yemwe adamwa naye mowa, adamangidwa koma adamasulidwa mu Malichi umboni utasowa.

Woganiziridwa ndiye amasankha ophedwa

Pali chinthu china chomwe owerenga ambiri sachiona. Mwanzeru, munthu amayenera kuyamba wadziwa milandu yomwe ndi ya dzanja limodzi, kenako n'kufunafuna mwini dzanjalo. Pa nkhani iyi zimayenda chobwerera. Wolemba amayamba ndi munthu yemwe akumuganizira, kenako amadula kapena kutalikitsa mndandanda kuti umukwane, ngati telala.

Mtembo wa Druitt udavuulidwa mu Thames pa 31 Disembala 1888. Aliyense wokhulupirira kuti adali iyeyo ayenera kukana McKenzie ndi Coles, ndipo Macnaghten, yemwe adatipatsa nambala ya asanu, ankakondera Druitt yemweyo. Aaron Kosminski, wometa tsitsi wochokera ku Poland, adatsekeredwa m'chipatala cha amisala cha Colney Hatch kumayambiriro kwa Febuluwale 1891, masiku ochepa Coles asanaphedwe. Womuganizira akhoza kulandira McKenzie koma osati Coles. Omwe amaganizira George Chapman, yemwe adanyongedwa mu 1903 atapha akazi ndi poizoni, amakonda kuwerengera imfa ya ku New York chifukwa iye adasamukira ku America mu 1891.

Imfa ya ku New York ija ndi ya Carrie Brown, yemwe adapezeka pa 24 Epulo 1891 m'chipinda cha East River Hotel atapotoledwa khosi ndi kuchekedwa. Manyuzipepala adafuula kuti Jack wawoloka nyanja. Mkulu wa apolisi ofufuza kumeneko, Thomas Byrnes, adali atamveka kale akunyoza anzake a ku London, ndiye adafunika kugwira munthu msanga. Adagwira Ameer Ben Ali, mlendo wochokera ku Algeria yemwe ankagona m'chipinda china cha hotelayo. Adakhala m'ndende zaka 11 mpaka adamasulidwa mu 1902, zitaoneka kuti umboni wa madontho a magazi womwe adamumangira udali wokayikitsa.

Ku England komweko, imfa ya Jane Beadmore ku Birtley, pafupi ndi Gateshead, mu Sepitembala 1888 idaopsa anthu mpaka Dr Phillips adatumizidwa kuchokera ku London kukaona mtembo. Adapezeka kuti adamupha ndi chibwenzi chake, William Waddell, yemwe adanyongedwa mu Disembala chaka chomwecho. Waddell akadapanda kugwidwa, lero dzina la Beadmore likadakhala pa mindandanda ija. La John Gill, mnyamata wa zaka 7 yemwe mtembo wake udapezeka ku Bradford pa 29 Disembala 1888, lilipobe, chifukwa womupha sadapezeke.

Kulakwitsa kuwerenga kuli ndi mtengo

Kumudzi fisi akatchuka, mbuzi iliyonse yosowa imakhala yake, ndipo wakuba wa miyendo iwiri amagona tulo tabwino. Kulumikiza mlandu molakwika kumachita chimodzimodzi: kumamasula wolakwa weniweni, komanso kumapotoza chithunzi cha yemwe mukumufuna.

Chitsanzo choonekeratu chidachitika ku England komweko patapita zaka 90. Apolisi akusaka wopha amayi ku Yorkshire, adalandira makalata ndi tepi kuchokera kwa munthu wodzitcha Jack, yemwe adatchulamo imfa ya Joan Harrison, wophedwa ku Preston mu 1975. Gulu la magazi la yemwe adanyambita envulopu lidafanana ndi lomwe lidapezeka pa Harrison. Apolisi adakhulupirira, adayamba kufuna munthu wolankhula ngati wa ku Sunderland, ndipo wakupha weniweni, Peter Sutcliffe, yemwe adamufunsa maulendo 9, ankamusiya. Adapha amayi ena atatu tepiyo itafika, asanagwidwe mu 1981. Wolemba makalata uja, John Humble, adapezeka wolakwa mu 2006 pa mlandu wonamiza apolisi. Mu 2011 DNA idasonyeza kuti Harrison adaphedwa ndi munthu winanso, Christopher Smith, yemwe adali atamwalira kale.

Komabe kusatsimikizika si kunama. Dokotala Harold Shipman adapezeka wolakwa mu 2000 pa imfa za anthu 15, koma kafukufuku wa boma adapeza kuti adapha oposa 200. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Shipman munthuyo ankadziwika, mafailo a odwala adalipo, ndipo mitembo ina idafukulidwa n'kupimidwa.

Achikulire a ku Blantyre akudziwa funso lamtunduwu. Anthu ataphedwa motsatizana ku Chilobwe ndi madera oyandikana pakati pa 1968 ndi 1970, Walla Laini Kawisa adagwidwa n'kuweruzidwa, koma anthu sadasiye kufunsana ngati imfa zonsezo zidali za munthu mmodzi. Kumeneko woweruzidwa adalipo, funso n'kutsalabe. Ku Whitechapel kulibe ngakhale woweruzidwayo.

Nanga DNA ija?

Nsalu yomwe idabutsa nkhaniyi ndi mpango wautali womwe Russell Edwards adagula pa okushoni mu 2007, ndipo akuti udatoledwa pafupi ndi mtembo wa Eddowes. Zotsatira za kupima zidalengezedwa mu 2014 n'kusindikizidwa mu Journal of Forensic Sciences mu 2019, zikuloza Kosminski. Otsutsa amatchula zinthu zingapo. Mpangowo mulibe pa mndandanda wa katundu wa Eddowes womwe apolisi adalemba. Wagwiridwa ndi manja ambiri kwa zaka zoposa 100. Ndipo DNA yomwe idapimidwa ndi ya mtundu wotchedwa mitochondrial, womwe munthu amalandira kwa mayi ake okha ndipo anthu ambirimbiri a mzere umodzi wa kuchikazi amakhala nawo wofanana. Zili ngati kuuzidwa kuti wakuba ndi wa kwa Phiri: zingathandize kuchotsa a Banda, koma sizikukuuzani kuti ndi Phiri uti.

Ngakhale titati zonse zili bwino ndipo mpangowo ndi weniweni, ukunena za usiku umodzi ndi mayi mmodzi. Sungatiuze kanthu za Tabram, Stride kapena McKenzie. Pa milandu imeneyo palibe chovala, mpeni kapena dontho la magazi lodalirika lomwe lidasungidwa. Mapepala a apolisi a City of London, gulu losiyana ndi la Metropolitan lomwe lidafufuza imfa ya Eddowes, ambiri adapsa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Failo ya Metropolitan ili ku National Archives ku Kew, koma mapepala ena adasowamo. Buck's Row idasinthidwa dzina kukhala Durward Street mu 1892 anthu okhalamo atatopa ndi manyazi, ndipo Miller's Court idagwetsedwa kalekale.

Mayi wa ku Pinchin Street adaikidwa m'manda a East London Cemetery mu Okutobala 1889. Mutu wake sudapezeke, ndipo mpaka lero ali m'failo ija ngati nambala 10, wopanda dzina.